Zilonda za Galu Zokana Mankhwala: Zimene Mchikumbi Angachite Pakhomo

M'masamba ano tazolowera kukamba za chimanga, za fodya, za manyowa ndi za ng'ombe. Lero tifuna kukamba za wantchito wina wa pamunda amene salembedwa m'buku ndipo salandira malipiro pakutha pa mwezi. Wantchitoyo ndiye galu. Chimanga chikabereka, ndiye apirikitsa anyani ndi apusi usana, ndi nguluwe usiku. Fodya akalowa m'chigafa, ndiye auwa mbala isanafike pa mikangala. Mwini munda agona tulo chifukwa galu wake ali maso.

Koma galu amene khungu lake ladzala zilonda sagwira ntchito. Usiku wonse angodzikanda ndi kudziluma, usana abisala kuseri kwa nkhokwe kuthawa ntchentche. Aonda, afooka, ndipo anyani azindikira msanga kuti mundawo ulibe mlonda. Chinanso, galu yemweyo ndiye asewera ndi ana athu pabwalo. Chifukwa chake nthenda ya pakhungu la galu si ya galu yekha ayi. Ikhudza nkhokwe, ikhudzanso banja.

DANDAULO LIMENE TIMAMVA KAWIRIKAWIRI

Nkhani yake imayenda motere. Mvula ili pakati, galu ayamba kudzikanda pamimba ndi m'nthiti. Pasanapite masiku ambiri patuluka tizithupsa, ubweya uthothoka, ndipo pena panyowa ndi kununkha. Mwini wake akumbuka kuti m'nyumba muli makapisozi amene anatsala pamene mwana anadwala chifuwa. Ena abisa mu nsima nampatsa galu, ena atsegula nawaza ufa wake pachilonda. Pakutha masiku atatu chilonda chioneka ngati chauma, ndipo iye aleka. Itapita milungu iwiri zilonda zabweranso. Agula makapisozi ena anayi pamsika, nachita chimodzimodzi. Ulendo wachitatu mankhwala sachita kanthu konse. Pamenepo munthuyo adandaula nati, "Mankhwala a masiku ano alibe mphamvu," kapena aganiza kuti mnansi wamchitira chipongwe galu wake.

Ife tinena kuti mankhwalawo sanasinthe, ndipo mnansi alibe mlandu. Chimene chasintha ndi tizirombo ta pakhungu la galuyo, ndipo amene watisintha, ngakhale mosadziwa, ndi mwini galu.

TIZIROMBO TA PAKHUNGU

Pakhungu la galu aliyense, ngakhale wonenepa ndi wosalala, pakhala tizirombo tosaoneka ndi maso, timene madokotala atitcha mabakiteriya. Mtundu umene ubweretsa zilonda zambiri za agalu uli ndi dzina lalitali, Staphylococcus pseudintermedius, limene akatswiri anaupatsa m'chaka cha 2005. Tizirombo timeneti tikhala m'milomo, m'mphuno ndi kunsi kwa mchira wa agalu ambiri osadwala, ndipo sitivuta pamene khungu lili lamphumphu. Tili ngati makoswe ozungulira nkhokwe: ikakhala yomata bwino angozungulira kunja, koma ikabooka pang'ono alowa. Khungu libooka ndi kukanda, ndi kulumidwa, ndi minga ya kuthengo, ndiponso lifewa ndi chinyezi cha m'dzinja.

Tizirombo tikalowa, muona tizithupsa tofiira tokhala ndi mafinya pansonga, makamaka pamimba ndi m'mphechepeche mwa miyendo, pamene ubweya uli wochepa. Tikaphulika tisiya nkhanambo yozungulira ngati ndalama yachitsulo, ndipo ubweya uoneka ngati bulangete lodyedwa ndi njenjete. Nthenda ikakhala pamwamba chotere, zambiri zingachitike pakhomo. Koma ikalowa pansi, khungu n'kutupa ndi kuchita mauna otuluka mafinya osakanikirana ndi magazi, imeneyo ndi ya dokotala.

MANKHWALA ATHA BWANJI MPHAMVU?

Mchikumbi aliyense adziwa kusankha mbewu. Pokolola tipatula ngala zazikulu, zimene zinapirira ng'amba ndi mbozi, kuti chaka chamawa munda wonse ufanane nazo. Tsono munthu wopatsa galu makapisozi pang'onopang'ono achita ntchito yomweyo, koma mbewuyo asankhira mdani. Pachilonda chimodzi pali tizirombo tosawerengeka, ndipo sitifanana mphamvu. Mankhwala ochepa, kapena osayenera nthendayo, apha tofooka nasiya tolimba. Totsalato tiswana mofulumira, pakuti pamalo pofunda ndi ponyowa kachirombo kamodzi kagawika pawiri lisanathe ora limodzi, ndipo ana ake onse atengera kulimba kwa kholo. Munthu akabwereza kawiri katatu, chilonda chonse chadzala ndi mbewu yokana mankhwala.

Zimenezi sizinayambe lero. Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini ku London m'chaka cha 1928, anachenjeza polandira mphoto ya Nobel mu 1945 kuti munthu womwa mankhwalawo mopereweza angaphunzitse tizirombo kuwakana. Mawu ake anapherezera. Pamene penisilini anayamba kulephera, akatswiri anapanga mankhwala ena otchedwa methicillin mu 1959, koma pofika 1961 ku England kunapezeka kale tizirombo towakana. Kwa agalu vutoli linakula cha m'ma 2005 ndi 2006, pamene madokotala a ziweto ku Ulaya ndi ku America anayamba kuona zilonda zokana mitundu yambiri ya mankhwala pamodzi.

Tisaganize kuti ndi vuto la kutali. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasanthula zotsatira za magazi a odwala kuyambira 1998 kufikira 2016, napeza kuti mitundu ina yofala ya tizirombo inafika pokana mankhwala amene kale ankaigonjetsa mosavuta. Akatswiri anawerenga kuti m'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1,270,000 anafa padziko lonse chifukwa cha tizirombo totere. Mu 2017 Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli, yokhudza anthu ndi ziweto pamodzi. Makapisozi amene tiwononga pa galu ndi omwewo amene tidzawafune tsiku limene mwana adzadwale chibayo.

YAMBANI MWAFUNAFUNA CHIMENE CHABOOLA KHUNGU

Si chilonda chilichonse chokana makapisozi chimene chili ndi tizirombo tolimba. Nthawi zambiri mankhwala alephera chifukwa chimene chinaboola khungu chikadalipo. Munthu wokapa madzi m'nyumba yodontha adzakapa dzinja lonse ngati sakwera padenga. Tsono musanachite kanthu, gonekani galu pamalo powala ndi kumuyang'ana bwino.

Utitiri ndiwo woyamba. Patulani ubweya pamsana pafupi ndi mchira. Mukaona tinthu takuda ngati tsabola wosinja, ndi zitosi zake. Kautitiri kakakazi kamodzi kaikira mazira okwana 40 kapena 50 pa tsiku, ndipo mazirawo sakhala pa galu, agwera pogona pake. Chifukwa chake sesani pogona galu tsiku ndi tsiku, tenthani udzu wakale, ndipo ziguduli muzithire madzi owira ndi kuziyanika padzuwa.

Mphere ibwera ndi kachirombo kena kamene kakumba ngalande m'khungu. Iyamba m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, ndipo kuyabwa kwake kuposa kwina konse. Makapisozi sapha kachirombo kameneka ngakhale mutampatsa galu botolo lathunthu. Mankhwala ake alipo, koma mlingo wake aupime Mlangizi wa Ziweto, pakuti jakisoni wa ng'ombe akachuluka apha galu.

Zipere zichita mabala ozungulira opanda ubweya, makamaka pankhope ndi m'miyendo ya tiagalu. Zibwera ndi tizirombo ta mtundu wa nkhungu, timene makapisozi satikhudza, ndipo zipatsira ana a anthu mosavuta.

Mphutsi zichita zithupsa zolimba zokhala ndi kauna pakati. Ntchentche yake iikira mazira pamchenga wa pamthunzi pamene pagwera mkodzo, ndipo ndi yomweyo imene itichititsa kusita zovala zoyanikidwa pansi. Matani kaunako ndi mafuta a Vaseline kuti mphutsi isowe mpweya. Ikasuzumira, finyani m'mbali mofatsa kuti ituluke yathunthu, osaiphwanyira m'kati.

Ntchentche zoluma zidya nsonga za makutu kufikira zituluke magazi. Ziswana m'manyowa onyowa ndi m'udzu wowola, kotero musamange galu pafupi ndi khola. Tsukani makutuwo ndi kuwapaka Vaseline wochindikala m'mawa uliwonse.

KUTSUKA NDIWO MANKHWALA OYAMBA

Pano pali mawu olimbitsa mtima. Zilonda za pamwamba zili pamalo pamene dzanja lifika. Kachirombo kamene kaphunzira kukana kapisozi sikanaphunzire kukana kukokoledwa ndi madzi, kapena kuuma, kapena uchi. Madokotala a ziweto a m'maiko ambiri tsopano agwirizana kuti zilonda za pamwamba pa khungu ziyenera kuyamba kuchizidwa kuchokera kunja, ndipo mankhwala akumwa asungidwe kufikira atafunikadi. Ntchito yake ndi iyi.

Choyamba, mangani pakamwa pa galu ndi kansalu kofewa, pakuti ngakhale galu wofatsa aluma akamva kuwawa. Munthu wamkulu amugwire, osati mwana. Mukatha ntchito mumasule msanga, pakuti galu apozetsa thupi lake ndi pakamwa.

Chachiwiri, metani ubweya wozungulira chilonda ndi sizasi, kutambalala kwake ngati zala ziwiri mbali zonse. Ubweya womatana ndi mafinya usunga chinyezi, ndipo kunsi kwake chilonda chikula mobisika. Ambiri adabwa akameta kuona kuti chilonda n'chachikulu kuposa mmene ankaganizira.

Chachitatu, konzani madzi amchere. Wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo masupuni awiri aang'ono a tiyi a mchere, osasefukira, ndipo muwaleke apole kufikira atangofunda pang'ono. Musachulutse mchere poganiza kuti mphamvu ichuluka, pakuti wochuluka uwawa ndi kuotcha mnofu watsopano. Madzi amenewa sapha tizirombo tonse ayi. Ntchito yake ndi kukokolola mafinya ndi dothi popanda kupweteka mnofu umene ukumera.

Chachinayi, vikani kansalu kowiritsa m'madziwo ndi kukagoneka pachilonda kufikira nkhanambo itafewa. Musaikanganule youma. Kenaka thirani madzi ambiri kuti zonyansa zichoke. Gwiritsani kansalu katsopano pa chilonda chilichonse.

Chachisanu, umitsani bwino pogunda pang'onopang'ono ndi nsalu yoyera. Chitani zimenezi m'mawa ndi madzulo, ndipo madzi mukonze atsopano tsiku lililonse. Galu agone pouma, pa chiguduli chokwezeka, osati padothi lonyowa.

UCHI

Makolo athu ankadziwa kuti uchi upoletsa zilonda, ndipo akatswiri apeza chifukwa chake. Uchi uli ndi shuga wochuluka ndi madzi ochepa, kotero uyamwa madzi m'tizirombo monga mchere uyamwa madzi m'nsomba. Uli ndi kuwawasa kumene tizirombo sitikonda. Ndiponso njuchi ziikamo kanthu kena kamene, pokumana ndi chinyezi cha pachilonda, katulutsa pang'onopang'ono mankhwala opha tizirombo otchedwa hydrogen peroxide. Popeza uchi umenya nkhondo m'njira zitatu pa nthawi imodzi, nkovuta kuti tizirombo tiphunzire kuukana.

Zimenezi zinayesedwa kwathu konkuno. M'chaka cha 2007 madokotala a pachipatala cha Beit CURE ku Blantyre anafalitsa zimene anapeza pa anthu 40 a zilonda, ena omangidwa ndi uchi, ena ndi shuga. Anapeza kuti uchi unaposa shuga pochepetsa tizirombo ndi popoletsa, ndiponso sunali kuwawa kwambiri pomasula nsalu. Odwalawo anali anthu, koma madokotala a ziweto agwiritsanso uchi pa zilonda za agalu ndi akavalo. Uchi wotchuka pa ntchitoyi ndi wa maluwa a mtengo wa manuka ku New Zealand, koma ndi wokwera mtengo, ndipo uchi wa m'ming'oma yathu uli nazo mphamvu zitatu zija.

Sankhani uchi wokhwima, wa m'zisa zotsekedwa ndi phula, wosefedwa ndi nsalu yoyera. Uchi wowiritsa pamoto wataya mphamvu ina, ndipo wothira madzi kapena wosakaniza ndi manyuchi ndi wachabe. Mutatsuka ndi kuumitsa chilonda, pakani uchi wochindikala pa kansalu koyera, kagonekeni pachilonda, ndi kumanga ndi nsalu ina. Musamange kolimba: zala ziwiri zizitha kulowa kunsi kwa nsalu. Sinthani tsiku lililonse, koma ngati chilonda chikukha madzi ambiri sinthani kawiri, pakuti uchi wosungunuka kwambiri ufooka. Pamene uchi palibe, shuga woyera wa m'paketi athandiza, mukamuthira wochuluka ndi kusintha asanasungunuke yense.

Uchi uli ndi adani awiri, nyerere ndi lilime la galu. Za nyerere, phimbani bwino ndi kusesa pogona. Za lilime, dulani katoni yolimba mozungulira ngati chisoti, kapena boolani pansi pa ndowa yakale ya pulasitiki, ndi kumuveka galu m'khosi kuti mlomo usafike pachilonda. Tsiku loyamba adzadandaula, koma adzazolowera. Onetsetsani kuti akutha kudya ndi kumwa.

Mudzadziwa kuti zikuyenda bwino fungo likatha, mafinya akachepa, ndipo pansi pa chilonda pakamera mnofu wofiira bwino, m'mphepete n'kumatsekeka. Musatope msanga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dziwaninso kuti uchi ndi wa zilonda zotseguka zimene pansi pake paoneka. Musauthire m'mauna akuya olasidwa ndi mano kapena ndi msomali.

ZILONDA ZIKAFALIKIRA THUPI LONSE

Tizithupsa tikakhala tambirimbiri simungamange galu yense ndi uchi. Pamenepo njira ndi kumusambitsa. Sopo wabwino koposa pa ntchitoyi ndi wokhala ndi mankhwala otchedwa chlorhexidine, wa mphamvu ya magawo 2 kufikira 4 pa 100, amene apezeka m'masitolo a mankhwala a anthu ndi a ziweto. Ameneyu si wa kuthengo, koma timutchula chifukwa wayesedwa ndipo apha ngakhale tizirombo tokana makapisozi. Nyowetsani galu, pakani kufikira thovu litafika pakhungu, ndipo mulileke mphindi 10 musanatsukuluze. Ambiri alakwa pamenepa potsukuluza msanga. Samalani kuti asalowe m'maso ndi m'kati mwa makutu. Bwerezani kawiri kapena katatu pa mlungu, kwa milungu itatu kapena kufikira khungu litayera. Ngati sopo ameneyu simungampeze, sopo wamba wosambira achotsa mafinya ndi nkhanambo, koma sopo waufa wochapira zovala aotcha khungu. Sambitsani m'mawa kuti galu aume ndi dzuwa.

Ena afunsa za alovera. Mnofu wake woyera wa m'kati mwa tsamba uziziritsa khungu loyabwa, koma ulibe mphamvu yogonjetsa chilonda cha mafinya. Utomoni wachikasu wa kunsi kwa khungu la tsamba utseguletsa m'mimba galu akaunyambita, kotero muyambe mwautsuka.

ZIMENE SIMUYENERA KUIKA PA GALU

Si chilichonse chomera m'munda chimene chili chabwino pachilonda. Tiyambe ndi fodya, popeza ali pafupi ndi manja athu. Ena aviika zinyenyeswa za fodya m'madzi nasambitsa galu kuti utitiri ufe. Inu amene mwathyolapo fodya wonyowa ndi mame mudziwa chizungulire ndi mseru umene ubwera pambuyo pake. Chimenecho ndi chikonga cholowera pakhungu. Ngati chifooketsa munthu wamkulu wa khungu lamphumphu, nanga galu wamng'ono wa zilonda zotseguka, amene adzanyambitanso ubweya wake? Akha dovu, anjenjemera, asanza, ndipo angafe. Musalolenso tiagalu kutafuna fodya wa m'chigafa.

Oyilo wakutha wa galimoto ndi palafini ziotcha khungu, ndipo galu akazinyambita zimpweteka m'mimba ndi m'mapapo. Mankhwala opopera fodya, thonje kapena chimanga si a nyama, ndipo apha agalu ndi kudwalitsa amene awapaka ndi manja. Dibi wa ng'ombe asaikidwe pa khungu la zilonda. Makala a m'batire, ndowe, dothi ndi phulusa zingowonjezera zonyansa, ndipo dothi ndi ndowe zingabweretse kafumbata. Adyo ndi anyezi, zimene ena aziyesa mankhwala, ziwononga magazi a galu zikachuluka. Mafuta a mtengo wa tea tree ogulitsidwa m'timabotolo ndi chiphe kwa agalu akapakidwa osasungunula. Mapiritsi a anthu opha ululu, monga ibuprofen, aboola m'mimba ndi kuwononga impso za galu. Ndipo tibwerezanso: musatsegule kapisozi ndi kuwaza pachilonda.

CHAKUDYA NDI UKHONDO WA BANJA

Khungu limangidwa ndi chakudya. Galu wodya mikute ya nsima ndi madeya okha alibe zomangira mnofu watsopano, ndipo chilonda chake chichedwa ngakhale mutasamala bwanji. Pa nthawi ya kudwala muwonjezereni mitu ya usipa kapena ya matemba, dzira lophika, nyemba zotsala kapena msuzi wa nyama. Madzi akumwa asasowe. Njoka za m'mimba zimulanda chakudya, kotero apatsidwe mankhwala ake.

Tizirombo ta zilonda za galu sitidwalitsa anthu kawirikawiri, koma tingalowe pa bala la munthu, makamaka khanda, nkhalamba, wodwala shuga kapena amene thupi lake lafooka ndi nthenda ina. Chifukwa chake wotsuka galu akhale munthu mmodzi wopanda bala m'manja. Ngati alibe magolovesi avale majumbo, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo. Nsalu zogwiritsa kale zitenthedwe kapena ziwiritsidwe m'chitini chake, osati mu mphika wa ndiwo. Galu wodwala asagone pa mphasa ya ana, asanyambite nkhope zawo, ndipo apatulidwe kwa agalu anzake kufikira atachira.

NTHAWI YOPITA KWA MLANGIZI WA ZIWETO

Safunsa anadya phula. Njira za pakhomo zili ndi malire ake, ndipo mchikumbi wanzeru awadziwa. Pitani kwa Mlangizi wa Ziweto, amene ambiri amutcha vetenale, mukaona chimodzi mwa izi: galu waleka kudya kapena wafooka, khungu latupa ndipo lili ndi mauna otuluka mafinya ndi magazi, mnofu wada kapena wagwa mphutsi zambiri, chilonda chili pafupi ndi diso, chikukulirakulira, papita mlungu wathunthu mukutsuka koma palibe kusintha, kapena zilonda zibwerera nthawi ndi nthawi.

Alangizi ambiri a m'madera mwathu anaphunzira ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, ndipo kuyambira 2019 sukulu ya ku Bunda yakhala ikutulutsa madokotala a ziweto ophunzira m'dziko momwe muno. Mabungwe a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre alinso ndi zipatala za ziweto. Pofika kumeneko nenani zoona zonse: mankhwala amene munapatsa galu, angati, ndipo masiku angati. Tengani ndi mapepala ake. Palibe adzakuimbeni mlandu, koma mukabisa, dokotala angabwereze mankhwala omwe analephera kale.

Chilonda chikakhala chakuya ndi chokanika, dokotala atenga mafinya pang'ono ndi kathonje natumiza ku nyumba yopimira nthenda, monga ya ku Bwemba ku Lilongwe. Kumeneko afesa tizirombo m'kambale monga tifesera fodya pa nazale, naikamo timapepala ta mankhwala osiyanasiyana. Pakutha masiku awiri kapena atatu aona kuti ndi mankhwala ati amene tizirombo talephera kumera pafupi nawo. Amenewo ndiwo oyenera. Mukapatsidwa, tsatani mlingo ndi masiku monga wanenera dokotala, musagawireko galu wa mnansi, ndipo musaleke kutsuka.

Pali chenjezo limodzi loposa onse. Ngati chilonda chabwera chifukwa cholumidwa ndi galu wachilendo kapena nkhandwe, ganizani za chiwewe. Mangani galu wanu, musagwire balalo ndi manja, ndipo dziwitsani Mlangizi tsiku lomwelo. Munthu akalumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangire kuchipatala osadikira mawa. Chiwewe sichimva uchi kapena mankhwala ena alionse chikayamba kuoneka. Chitetezo chake ndi katemera, ndipo galu aliyense abayidwe chaka ndi chaka.

MAWU OTSIRIZA

Abale achikumbi, zofunika pa ntchito imeneyi zambiri zili kale m'nyumba mwanu: madzi, mchere, sopo, sizasi, nsalu yoyera ndi uchi pang'ono. Chosowa kawirikawiri ndi nthawi, pakuti zilondazi zibuka pamene kupalira, kubandira ndi kuthyola fodya zili pakati. Koma mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo ndi zotsika mtengo kuposa chimanga chodyedwa ndi anyani kapena fodya wobedwa m'chigafa. Mlungu uno, musanapite kumunda, itanani galu wanu, patulani ubweya wake ndi kuyang'ana pamimba ndi m'makutu. Mukapeza kanthu yambani kutsuka lero lomwe. Makapisozi otsala muwabweze kuchipatala, ndipo galu amwe okhawo amene Mlangizi wa Ziweto walamula.